Chiwindi chathu, mawu a eni ake

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwathu, lero mlandu ndili nawo ndi ife a choko. Chaka ndi chaka timatulutsa ana odziwa kulemba hepatic portal vein pa mayeso a MSCE, koma osatha kuuza agogo awo ku Embangweni kapena ku Jenda kuti chinthucho n'chiyani. Tikafunsidwa timati zilankhulo zathu n'zosauka, sayansi singakwanemo. Ine ndikukana. Umenewu ndi ulesi basi.

Taonani anthu a ku Netherlands. Madokotala awo Chingerezi amachidziwa bwino lomwe, koma mtsempha umenewu ali nalo dzina lake m'Chidatchi: poortader. Poort ndi chipata, ader ndi mtsempha, ndiye kuti mtsempha wa pachipata. Hepatic artery amati leverslagader, mtsempha wogunda wa chiwindi. Mawu otere sanagwe kumwamba ngati mvula. Anthu anachita kuwapanga, monga Simon Stevin, wobadwa mu 1548, amene analimbikira kulemba masamu m'Chidatchi pamene ophunzira anzake ankanyadira Chilatini. Nacho Chingerezi chinangobwereka: portal anatenga ku Chilatini, hepatic ku Chigiriki. Nanga ife tikuopa chiyani?

Nkhani yake ndi iyi, m'Chichewa chomveka. Magazi amalowa m'chiwindi kudzera njira ziwiri. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amachokera m'matumbo ndi kukapamba, atanyamula zakudya zogayika, ndipo amadzera mumtsempha wa pachipata uja. Gawo lotsalalo limabwera ndi mtsempha wogunda, lodzaza mpweya wabwino. Chiwindi chikasefa, magaziwo amatuluka ndi mitsempha ina kubwerera kumtima. Mwa munthu wamkulu, pamphindi iliyonse pamadutsa magazi okwana pafupifupi lita imodzi ndi theka. Chavuta pamenepa n'chiyani?

Wina anena kuti izi ndi za m'kalasi chabe. Ayi. Anthu ambiri amadziwa likodzo la kukodza magazi, koma lilipo lina la m'matumbo, limene mazira ake amatsata mtsempha wa pachipata n'kukakakamira m'chiwindi. Pakapita zaka njira imapanikizika, monga ngalande yodzala mchenga. Chimodzimodzi chiwindi chikauma chifukwa cha kachasu kapena hepatitis B. Magazi akasowa podutsa amabwerera m'mbuyo: kapamba amakula, mimba imadzaza madzi, mitsempha ya kummero imatupa, ndipo tsiku lina imaphulika munthu n'kuyamba kusanza magazi. Kumudzi mlandu umagwera azakhali okalamba kuti ndi mfiti, banja n'kupasuka. Chonsecho likodzo lili ndi mankhwala ake, praziquantel, ndipo katemera wa hepatitis B ana athu anayamba kulandira mu 2002. Mwana wa Fomu 4 amene anangoloweza dzina sangathandize pabwalo limenelo. Amene anamvetsa angathe kupulumutsa wodwala, ndi azakhali omwe.

Ena amati liwu lakuti mtsempha limasokoneza, poti timatchula nalo njira za magazi, minyewa ndi zina. Zoona. Koma mankhwala ake ndi kuwonjezerapo liwu lofotokozera, monga anachitira Adatchi, osati kuthawa. Enanso amati MANEB imafunsa m'Chingerezi. Ndani wakana? Mwana aphunzire mayina onse awiri. Amene wamva za chipata saiwala portal.

Ndipo kuno ku Mzimba tisadzinamize kuti Chichewa chokha chikwanira. Wodwala wa ku Edingeni amati ndopa, sati magazi. Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi mu 1968, ndipo bala limenelo silinapole. Ntchito tili nayo iwiri.

Zondichititsa manyazi n'zakuti Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndi mawu ake onse ovuta a zauzimu, koma chiwindi chikutikanika mpaka lero. Dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi imene Oxford inasindikiza mu 2016 anasonkhanitsa ndi Steven Paas, Mdatchi. Eni chilankhulo tinali kuti?

Tisadikire a Centre for Language Studies ku Zomba kuti atiganizire zonse. Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a Biology ndi a Chichewa, khalani pamodzi mu staff room mulembe mawu khumi teremu ino, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Inu ana athu amene tsopano ndinu anamwino ndi madokotala, kawayeseni pa odwala, mudzatiuze amene akumveka ndi amene sakumveka. Osamvekawo tidzataya, tipange ena.