Puloti ya pa dambo muziiona mu Febuluwale

Kucokela pamene lamulo linalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zao za ku NAPSA mu 2023, nkhani ya maploti yakula m'mabasi. Wina akuti Chongwe, wina Chibombo, ndipo ise a kum'mawa ambili maso ali kwathu. Munthu watopa na lendi ya mu komboni, afuna kakhomo kake kopumilapo akaleka nchito. Pa WhatsApp pabwela cithunzi ca malo oyalika bwino, udzu wobiliŵila, mtengo wake wocepa kuposa kaploti ka 20 na 20 mu Lusaka. Pansi pake alemba kuti madzi ali pafupi, citsime simudzakumba kwambili. Ine nikuti mau amenewo akucititseni mantha, cifukwa nthawi zambili atanthauza kuti malowo ni dambo.

Tiyeni titenge Msoro monga citsanzo, cifukwa kumeneko madzi sabisa khalidwe lao. Msoro ili m'boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda. Ambili aidziŵa cifukwa ca mishoni ya Anglican imene anayambitsa wansembe Leonard Kamungu, amene anamwalila mu 1913. Mtsinje wa Lupande ucokela kumtunda ku dela la Katete, upita ku Msoro, nukathila mu Luangwa kufupi na Mfuwe. Mvula imene yagwa kumtunda kuja, mawa lake ili m'cigwa. Conco munthu wa ku Msoro angaone madzi afika pa munda pake olo kuti kwao sikunagwe dontho. Amene anayendako nthawi ya dzinja adziŵa mmene njila zimavutila mitsinje ikadzala.

Manje wogula wa mu tauni amapita liti kukaona malo? Mu Seputembala olo mu Okutobala, njila zitauma, galimoto ifika paliponse. Nthawi imeneyo cigwa conse cili gwa, kutentha kosaneneka, mitsinje yambili yasanduka mcenga. Malo okha obiliŵila ni a pa dambo, ndipo ndiwo amakopa mlendo. Amaima pamenepo, aloza pomanga nyumba, poika khola la nkhuku, polimapo ndiwo. Mu Febuluwale pamalo pomwepo madzi afika m'maondo, acule ali pa msonkhano.

Dambo ni mbiya ya mudzi. Mvula ikagwa, udzu na dothi la pamenepo zimagwila madzi na kuwatulutsa pang'onopang'ono kupita ku mtsinje. Ndiye cifukwa cake zitsime za m'mbali mwa dambo zimakhala na madzi mpaka mu Novembala, ng'ombe na mbuzi zimapezako msipu kwina konse kutauma, ndipo amai amalimako madimba a repu, tomato na cimanga caciŵisi. M'cigwa madambo ena ndiwo minda ya mpunga. Caka ca 2024, pamene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ni tsoka la dziko lonse, mabanja okhala na dimba anali na poyambila pamene cimanga ca m'munda cinapsa. Munthu akagula dambo na kulizinga na waya, watseka nkhokwe ya anthu ambili amene sanakhalepo pa nkhani ya mtengo.

Nyumba nayonso siikonda dambo. Dothi la pamenepo kaŵilikaŵili ni makande, lija lakuda lomata ku mapazi. Likamwa madzi limafufuma, likauma limang'ambika ming'alu yoloŵa dzanja. Caka na caka maziko amakankhidwa uku na uku, ndipo cipupa ca mabuloko cimayamba mng'alu kucokela pa windo kutsika pansi. Cinyezi cimakwela m'zipupa, penti imasupuka, simenti ya pansi imacita thukuta. Kuti mumange cinthu colimba pa makande mufunika kucotsa dothi, kuthila gelevulo, kuika nsimbi zambili m'maziko, ndipo ndalama imene munapulumutsa pogula imathela pansi pa nthaka musanafike pa windo. Cimbudzi cokumba cimadzala madzi, ndipo madzi amenewo ni amodzi na a m'citsime canu cija cosazama. Onjezamponi udzudzu, m'cigwa mmene malungo ni matenda a tsiku na tsiku.

Ise a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa zambili. Kanyama, Misisi, Chawama, John Laing, Kuku: mvula ikalimba timavula nsapato pa siteshoni, kondakitala akuuzani kuti basi ithela pano, kutsogolo kulibe njila. Mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu wokhala na mphako, ndipo m'makomboni ambili madzi a pansi ali pafupi kwambili. Anthu anamanga m'malo otsika mmene madzi anali kukhala, zimbudzi zinasakanizika na zitsime, ndipo kolela inapeza nyumba. Inabuka mu Okutobala 2017, inabwelanso mu Okutobala 2023. Ulendo waciŵiliwu anthu opitilila 700 anamwalila m'dziko muno, bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegule mpaka mu Febuluwale 2024. Ngalande ya Bombay inamangidwa na thandizo la ndalama zocokela ku America, koma ngalande imangothamangitsa madzi amene kale anali na pokhala pao. Nkhani ya Forest 27, kumene kucokela mtsinje wa Chalimbana, nayonso tiikumbuka: mbali zake zinayamba kucotsedwa pa nkhalango zotetezedwa mu 2017, maploti anagaŵidwa, ndipo anthu a kumunsi kwa mtsinje anadandaula mpaka ku khoti. Akulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Cimene cinacitika mu Lusaka cisatengedwe pa basi kupita naco ku Msoro.

Palinso nkhani ya mapepala, imene ambili amaiona mocedwa. Lamulo la malo la mu 1995 linaika malo onse a mu Zambia m'manja mwa Pulezidenti, kusungila anthu onse. Malo a ku midzi ngati a ku Msoro ni malo a mwambo, oyang'anilidwa na mfumu na manduna ake. Kakalata kolembedwa na mfumu ya mudzi, olo kakhale na cidindo, si title deed. Kuti malo a mwambo asanduke a title, pafunika cilolezo ca mfumu yaikulu ya delalo, khonsolo ivomeleze, ndiye nkhani ipite ku Unduna wa za Malo, kumene amapeleka lisi yofika zaka 99. Ndiponso mbali yaikulu ya boma la Mambwe ili mu Lupande Game Management Area, ndipo pa malo otelo lamulo lifuna kuti a dipatimenti ya nyama zakuchile afunsidwe. Pamwamba pa izi, lamulo la zacilengedwe la mu 2011 liletsa kuumitsa olo kukwilila dambo popanda cilolezo colembedwa ca ZEMA. Zambia inaloŵa m'pangano la Ramsar losunga madambo mu 1991, ndipo zigwa zosefukila za Luangwa zinalembedwa pa mndandanda wa panganolo mu 2007. Wogulitsa sadzakuuzani zonsezi, iye afuna cabe mumutumizile pa foni.

Ena adzati: a kolamu, inu mukamba cifukwa muli na pogona, wosauka amagula pamene thumba lake lafika. Mau amenewa ni oona, ndipo anthu ambili a mu Misisi sanasankhe matope cifukwa cowakonda. Koma ndiye cifukwa cake wosauka afunika kucenjela kuposa wolemela. Wa ndalama nyumba ikang'ambika amaitana injiniya, olo kungoisiya n'kumanga ina. Iwe amene waika penshoni yonse m'mabuloko ulibe ulendo waciŵili. Kaploti kocepa pamtunda, pamene nyumba idzaima zaka makumi, kaposa mahekitala aŵili a madzi.

Ena adzati nidzathila gelevulo, nikweze maziko, nikumbe ngalande. Mungathe, ngati thumba lilola. Funso ni lakuti madzi amene mwawacotsa apita kwa ndani. Apita kwa mnansi wa kumunsi, m'nyumba yake ya zidina zosaocha, olo m'munda mwake. Ndipo m'cilimwe citsime cake cidzauma msanga cifukwa mbiya ija mwaiboola. Ku mudzi milandu yotele siithela pa pepala, mudzakumana nayo pa malilo na pa chalichi kwa zaka zonse zimene mudzakhalako.

Sinikuti musagule malo kwanu, olo kuti malo okhudza dambo ni oipa onse. Malo amene ali na mtunda kumwamba na dambo kumunsi ni cuma, ngati mwini adziŵa kuika cinthu ciliconse pamalo pake. Makolo anali kumanga mudzi pamtunda, dimba kumunsi, ziŵeto pakati. Nyumba na cimbudzi zikhale pouma, kutali na citsime. Dambo lisiyeni lipume, ndipo njila ya anthu na ziŵeto yopita ku madzi isatsekedwe.

Musanatulutse ngwee, pitani kaŵili. Mukaona mu Okutobala, mubwelelenso mu Febuluwale mvula ili pakati, ndipo ngati galimoto yalephela kufika, yankho mwalipeza kale. Yang'anani zomela: bango, mlulu na mitengo ya katope zimakonda ponyowa, ndipo malo oyalika opanda mitengo pakati pa thengo ali na cifukwa cake. Yang'anani zinyalala zokoleka m'nthambi za zitsamba, zimaonetsa pamene madzi anafika caka catha. Kumbani dzenje lofika m'ciuno muone dothi: ngati ni lotuwa lokhala na maŵanga ngati dzimbili, madzi amakhalamo nthawi yaitali. Ndipo funsani amai amene amatunga madzi na anyamata oŵeta ng'ombe, wogulitsa asali pafupi. Muwafunse kuti madzi amafika pati, ndani amalima pano m'cilimwe, ndipo n'cifukwa ciani palibe anamangapo zaka zonsezi. Safunsa anadya phula.

Kwa mafumu athu, mwaulemu wonse, pempho ni lakuti madambo a mudzi alembedwe na kudziŵika kuti sagaŵidwa kwa munthu mmodzi, kaya ni mwana wa pamudzi wocokela ku Lusaka, kaya ni mlendo wofuna kumanga loji. Mphatso ya lelo imatha, koma adzukulu adzafuna pomwetsa ng'ombe. A khonsolo ya Mambwe nawonso, lamulo la mapulani a matauni na madela la mu 2015 linawapatsa nchito yokonza mapulani a boma lonse pamodzi na mafumu. Asavomeleze pepala la malo ali mu ofesi. Atume munthu akaime pamalopo nthawi ya mvula, cifukwa kukana ploti imodzi lelo n'kochipa kuposa kutumiza matenti na matumba a ufa madzi akagwetsa nyumba.

Ndipo kwa ise okwela basi, amene timatumiza ndalama kwa amalume kuti atigwilile malo: tisawaike pa mayeso powauza kuti apeze pochipa msangamsanga. Auzeni kuti mufuna pamtunda, olo pacepe. Tikiti ya ku Chipata olo ku Katete mu Febuluwale ni ndalama ndithu, koma ni yocepa poyelekeza na matumba a simenti amene mungakwilile m'matope.