Kusiyanasiyana kwa Ogwira Ntchito m'Makhonsolo ndi Thandizo Limene Anthu Amalandira

Kuyambira m'chaka cha 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ntchito zambiri zimene mlimi ndi wamalonda amadalira zakhala zikusamukira ku makhonsolo. Lero pali makhonsolo a maboma 28, a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso a matauni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Ulangizi wa zaulimi, misika, zipatala zazing'ono ndi sukulu za pulayimale zili m'manja mwawo. Motero nkhani ya amene akulembedwa ntchito kumeneko, ndi mmene akusamalidwira, imafika mpaka kumunda ndi pa benchi la mumsika.

Malamulo sanasiye mpata wokayikira. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali kapena kukhala mwamuna kapena mkazi. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaonjezera kuti polemba anthu ntchito m'nthambi za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa anthu 100 alionse.

Komabe kukwanitsa chiwerengero sikutanthauza kuti ntchito yayamba kuyenda. Phindu la kusiyanasiyana limaoneka pokhapokha munthu akagwiritsidwa ntchito mogwirizana ndi zimene wabwera nazo. Ku Chitipa anthu amalankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi zilankhulo zina. Ku Nsanje kuli Chisena, ku Mangochi Chiyao. Mlangizi wochokera kwina ali ndi ufulu wonse wogwira ntchito m'maboma amenewa, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi nzeru zatsopano. Koma ngati mu ofesi yake mulibe ngakhale mmodzi wodziwa chilankhulo cha kumaloko, malangizo a kathiridwe ka feteleza kapena kalimbanidwe ndi mbozi amathera m'kamwa mwa womasulira wongopezeka pamsonkhano. Poti m'madera ambiri mlangizi mmodzi amatumikira alimi oposa 1,000, uthenga ukapotoka kamodzi umapotokera midzi yambiri. Chimodzimodzinso alangizi aakazi: amayi ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito ya kumunda, ndipo pali mafunso amene amamasuka kufunsa mayi mnzawo.

Palinso kusiyana kwina kumene sikutchulidwa kawirikawiri, ngakhale ndi kumene kumawawa kwambiri. Pakhonsolo imodzi pamakhala magulu awiri. Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amalipidwa ndi ndalama zochokera ku likulu la boma. Otolera ziphaso za msika, osesa ndi alonda ambiri amalembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo ndipo malipiro awo amadalira ndalama zimene khonsoloyo yatolera. Zotolera zikachepa, ndi gulu lachiwirili limene limatha miyezi osalandira kanthu. Munthu wotero ndi amene m'mawa uliwonse amagwira ndalama za amalonda m'manja. Sizifuna katswiri kuti aone mmene malisiti amasowera, zinyalala zimaunjikana, amalonda nakana kulipira, ndipo ndalama zotolera zimacheperachepera.

Nkhani ya kusamutsidwa imakhudzanso mtima wa wogwira ntchito. Amene akuona kuti anamutumiza ku Likoma kapena ku Neno ngati chilango, pamene mnzake wodziwana ndi akuluakulu sachoka m'tauni, amathera nthawi yake kulemba makalata opempha kusamuka.

Zonsezi tsopano zili ndi mtengo woonekeratu. Makhonsolo a maboma amaunikidwa chaka ndi chaka pa kauniuni wotchedwa LAPA, ndipo pansi pa pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse, ndalama zina za chitukuko zakhala zikuperekedwa potengera zotsatira zake. Khonsolo imene owerengera ndalama ndi mainjiniya ake sakhalitsa imalephera kupereka malipoti pa nthawi yake, ndipo chotayika chimakhala mlatho kapena shedi ya msika.

Anthu ali ndi poyambira. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kufunsa khonsolo yake kuti mipando yopanda anthu ilipo ingati, amayi ndi anthu aulumali olembedwa ntchito ndi angati, ndiponso ngati ogwira ntchito m'misika alandira malipiro awo. Mafunsowa angaperekedwe kudzera kwa khansala, ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma.