Ngwang'wazi Alimo na mu Foni ya Mwana Wanu

Imwe bamene mukwera minibasi pa Kulima Tower olo pa City Market, iyi nkhani muiziba kale. Ngwang'wazi ali pa chitseko, ati "babili chabe, babili chabe, tiyende!" Mwasuzumira mukati, zoona basi yaoneka monga yazula. Mwakwera. Pakapita mamineti asanu, banthu batatu bamene munapeza bali khale baseluka umozi umozi, bayenda kukazuza basi ina. Simukalipa na kukalipa, chifukwa masewera aya munayaziba kudala.

Manje mwana wanu wa Grade 8 olo 9, bamene bayamba kuitanidwa Form 1 na Form 2 masiku ano, uja mwangomugulira foni, aziba kuti ngwang'wazi uja alimo na mu foni mwake? Kungoti wa mu foni asamba, avala suti, akamba na chizungu chabwino.

Mwezi watha mwana wa mulongo wanga, wa zaka 14, anatumidwa kukagula ndiwo na K50. Anabwera chimanjamanja. Ndalama anapasa munzake mukulu kuti amuikire pa bet, pakuti lamulo sililola mwana wamene sanafike zaka 18 kubecha. Bamai bake banali batenga kale muthiko. Ine ninapempha kuti banibwereke mwana tsiku imozi chabe. Pomufunsa, ati, "Ba ankolo, pa TikTok kuli munthu anawina ndalama zambiri na K5 chabe, ninaona na maso yanga."

Sanali kunama. Anaonadi. Apa ndiye pali nkhani yonse: advert yabwino siifunika kunama, imangosankha vokuonetsani. Wamene wawina bamujambula, bamupasa cheke ikulu monga chitseko. Bamene baluza, bamene ndalama zao ndiye zalipira cheke ija, palibe amene abajambula.

Ninatenga K1 ya chitsulo, nati iponye m'mwamba kakhumi, ndipo nthawi zonse uniuze mbali yamene izagwera. Sanafike na pa kanayi. Ninamuuza kuti ngati game iliyonse ni hafu-hafu, kulasa ma game 10 pa tikiti imozi ni mwai umozi pa 1,024. Ni masamu a ku sukulu aya, ma 2 khumi kuchulukitsana. Anakhala zii. Ninaona kuti samu yamuwawa kuposa mwamene muthiko unakamuwawira.

Kuchoka apo tinayenda na mendo mu Great East Road, kuchoka pa Manda Hill kufika pa Arcades, kuwerenga ma billboard. Pa iliyonse ninali kumufunsa chabe kuti walipira ni ndani, afuna uchite chani, ndipo nichani chamene sanalembe. Yesani na imwe, mwana azakudabwitsani. Pa windo ya shopu ina panali 50% yofiira, ikulu monga mutu wa munthu, koma pamwamba pake tumalemba tung'ono twakuti "up to". Iye ndiye anatuona. Tumau tuwili utu tutanthauza kuti olo chinthu chimozi chabe mu shopu yonse ndiye chatsika na hafu, sibananame. Mutengo wa K99.99 nao tinaukambapo. Kobiri ing'ono kwambiri muno mu Zambia ni 5 ngwee, so 1 ngwee ija simuzaiona ngati mulipira kashi. Mwalipira K100, koma mutima ukuuzani kuti mwagula chinthu cha 90 chakuti. Nanga uja munthu wa pa wailesi wamene pothera advert amathamanga "terms and conditions apply" monga bamupirikitsa na galu? Pamene athamangira ndiye pamene pali mutengo weniweni.

Koma billboard ilibe vuto kwambiri, chifukwa siibisala, aliyense aziba kuti igulitsa. Yovuta ni advert yamene yavala nkhope ya munzako. Mutsikana wa pa Facebook olo TikTok wamene mwana wanu amamukonda monga sisita wake, lero aonetsa mwamene aphikira, mailo aseka na bwenzi lake, mukucha anyamula kabotolo ka mafuta ati "ba guys, bambiri munifunsa vamene nizola." Anamufunsa ndani? Nthawi zambiri alipidwa, olo anapasidwa mafuta yaulere. Pikicha yoyamba bamujambula mu mudima alibe na kuseka, yachiwili pa kuwala na filter pamwamba. Mwana wa zaka 13 saona kuwala, aona chabe kuti khungu yake yakuda ni vuto yofunika mankhwala. Ndipo ena mwa mafuta yoyeretsa khungu amakhala na hydroquinone, mercury olo ma steroid, vamene vimaononga khungu na thupi. Vuto bakugulitsani mahala, mankhwala ndiye mugula na ndalama.

Muuzeni mwana kuti kutsegula Facebook salipira chifukwa alipo wina wamene alipira kuti maso yake yaone katundu. Ukaima pa vidiyo ya nsapato, mailo nsapato zizakukonkha paliponse. Si mfiti iyai, foni imasunga vamene umayang'ana.

Phunziro yamene inagwira nchito kwambiri inali ya pa nyumba, ndipo ba ticha bamene muwerenga pepa ino, iyi mungaitenge mahala. Bamai bake bagulitsa vitumbuwa pa kantemba. Ninamupasa katoni na marker, nati panga advert, koma osanama olo liu imozi. Anaganiza, analemba kuti "Vakupya! Vasala ving'ono!" Nati, nanga mu beseni simuli 40? Ati, "Ba ankolo, pa mbale pali visanu chabe, ivo ndiye vasala pa mbale." Ninaseka mpaka misozi. Anaitana na banzake batatu kuti baime pa kantemba monga bagula. Ngwang'wazi wabadwa mu nyumba mwathu! Koma mwana wamene wapangapo yekha nyambo amaiona musanga ikaponyedwa kwa iye. Kumuletsa foni sikungachite ivo, azabwereka ya munzake kuseri kwa kilasi.

Sinikamba kuti advert iliyonse ni kawalala. Amai ba salaula pa Soweto bakakuwa kuti bale yatsopano yatsegulidwa, bafuna chabe bana badye. Kugulitsa ni nchito. Koma malire alipo, ndipo mwana afunika ayazibe. Lamulo ya 2010 ya Competition and Consumer Protection iletsa kunamiza wogula pa katundu, iletsa kulipiritsa kuposa mutengo wamene walembedwa pa shelefu, iletsa na vikwangwani vija va "no refund" vamene mukali kuona mu mashopu ena. Kodandaula ni ku CCPC. Bakulu bambiri sitiziba ivi, timangong'ung'udza mu basi.

K50 ija akali kuibweza, K5 pa sabata, kuchokera ku vitumbuwa. Sondo yapita ninapitako nanyamula ma earphone yatsopano mu kabokosi kolembedwa "original" katatu. Anakatembenuza, anawerenga kumbuyo, ananiyang'ana. Ati, "Ba ankolo, chinthu cha original chimafunika kulumbira katatu?" Mbali ya kumanzere inaleka kulira pa Chitatu.