Wosewera wovulala amagulidwa pamtengo wanji? Nkhani ya Campbell ikukumbutsa bondo la Jaylon Smith

Usiku wa pa 24 Epulo 2025 mumzinda wa Green Bay ku America, mayina 30 anali atatchulidwa kale pomwe timu ya Philadelphia Eagles idaitana Jihaad Campbell, mnyamata wa zaka 21 wa ku yunivesite ya Alabama. Akatswiri ambiri ounika mpira wa ku America ankamuika patsogolo pa ma linebacker onse a chaka chimenecho, ndipo ena ankamuwerengera m'gulu la osewera 15 oyambirira. Chomwe chidamubweza m'mbuyo ndi phewa lakumanzere, lomwe madokotala adalichita opaleshoni mwezi wa Malichi. Eagles, yomwe inali itangotenga chikho cha Super Bowl mu Febuluwale, siidafune kudikira nambala yake ya 32. Idapereka kwa Kansas City Chiefs mwayi wake wina wosankha m'ndime yachisanu kuti ikwere ndi malo amodzi okha, n'kumutenga pa nambala 31.

Kwa amene tidazolowera mpira wamiyendo, momwe timu imagula wosewera kutimu inzake, dongosolo la ligi ya NFL ndi lachilendo. Osewera ochokera m'makoleji sagulidwa. Amasankhidwa pamwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft, pomwe matimu 32 amasankha mosinthana m'ndime zisanu ndi ziwiri, kuyambira timu yomwe idachita moipa kwambiri mpaka yomwe idatenga chikho. Kuyambira 2011, malipiro a wosewera watsopano amatsata nambala yomwe wasankhidwira, ndipo mpata wokambirana ndi wochepa zedi. Choncho lipoti la dokotala likamutsitsa mnyamata ndi malo 20, ndalama zomwe wataya zimawerengeka usiku womwewo.

Linebacker amaima kumbuyo kwa mzere woyamba wa otchinga. Ntchito yake ndi kuzindikira msanga komwe mpira ukulowera, kuthamangira m'mbali, kugwetsa wonyamula mpira, komanso kubwerera chafutambuyo kukatsekereza olandira mpira woponyedwa. Kawirikawiri ndiye amavala chisoti chokhala ndi wailesi yolandirira malangizo a mphunzitsi. Amakhota ndi bondo, amagunda ndi phewa. Ziwalo ziwirizi zikakayikitsa, luso la m'mutu limakhalapobe, koma limafika pampira mochedwa.

N'chifukwa chake gawo lofunika kwambiri pamsonkhano woyeza osewera wa Scouting Combine, womwe umachitikira ku Indianapolis, silimaonetsedwa pa TV. Owonera amaona mipikisano ya liwiro, ndipo Campbell adathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.52, liwiro labwino kwa munthu wa thupi lake. Koma m'zipinda zachipatala madokotala a matimu onse amapinda mawondo, kukoka mapewa ndi kujambula m'kati mwa thupi, ndipo omwe apezeka ndi vuto amaitanidwanso mu Epulo. Timu iliyonse imapereka chigamulo chake. Chithunzi chimodzimodzi cha bondo chingachititse timu ina kufafaniza dzina la mnyamata, pomwe ina ikungomutsitsa ndi ndime imodzi.

Palibe nkhani yomwe imaonetsa bwino kusiyana kumeneku kuposa ya Jaylon Smith. Mu 2015 Smith, wa ku Notre Dame, adapata mphoto ya Butkus yomwe imapita kwa linebacker wopambana m'makoleji, ndipo ankayembekezeka kukhala m'gulu la asanu oyambirira pa draft ya 2016. Pa 1 Januwale 2016, m'masewero otsekera nyengo a Fiesta Bowl ndi Ohio State, adakankhidwa n'kuponda molakwika, bondo lakumanzere n'kupindikira kosayenera. Mitsempha iwiri yomanga bondo, ya ACL ndi LCL, idaduka.

Kuduka kwa ACL pakokha sikuopsezanso matimu monga kale. Opaleshoni yake ndi yodziwika, ndipo wosewera amabwerera pabwalo pakatha miyezi isanu ndi inayi kapena chaka. Chomwe chidazizira matimu m'nkhongono chinali china: mtsempha wotumiza mauthenga kuphazi, wotchedwa peroneal, udaonongeka, moti Smith sankatha kudzutsa kutsogolo kwa phazi lake. Mtsempha wotere dokotala sangaufulumizitse. Umaphuka wokha, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo nthawi zina suphuka mokwanira. Munthu wa phazi lokhwekhwereza angathe kuyenda ndi chitsulo chomuthandiza, koma kuthamangitsa katswiri wa NFL ndi nkhani ina.

Dallas Cowboys idamutenga pa nambala 34, kumayambiriro kwa ndime yachiwiri. Anthu ambiri amaifotokoza nkhaniyi ngati ya kulimba mtima kwa mwini timu, Jerry Jones, yemwe amadziwika ndi kukonda juga yotere. Koma mfundo yomwe imaiwalika ndi yoti dokotala yemwe adachita opaleshoni ya Smith, Dan Cooper, anali dokotala wamkulu wa Cowboys yomweyo. Matimu ena 31 ankaweruza poona zithunzi ndi kugwira bondo kwa mphindi zochepa. Cowboys inali ndi munthu yemwe adauona mtsemphawo ndi maso ake. Mwa maganizo anga, apa ndi pomwe pagona phunziro loyamba la kuunika wosewera wovulala: mtengo wake umatsika molingana ndi kuchuluka kwa zomwe matimu sakudziwa, ndipo yemwe akudziwa zambiri ndiye amagula motchipa.

Motchipa kwa timu, osati kwa mwini bondo. Mgwirizano woyamba wa Smith unali wa zaka zinayi, wa madola pafupifupi 6.5 miliyoni. Omwe adasankhidwa pa nambala 4 ndi 5 chaka chomwecho, Ezekiel Elliott ndi Jalen Ramsey, adasainira madola oposa 20 miliyoni aliyense. Smith adavulala akusewerera yunivesite yomwe pa nthawiyo malamulo sankaimulola kumulipira, m'masewero omwe sankapereka chikho cha dziko. Anzake adaona. Pofika Disembala 2016, Christian McCaffrey wa ku Stanford ndi Leonard Fournette wa ku LSU adakana kusewera masewero otsekera nyengo kuti asunge matupi awo. Adanyozedwa kwambiri kuti ndi odzikonda, koma onse awiri adasankhidwa m'gulu la khumi oyambirira mu 2017, ndipo lero kukana kotere n'kwachizolowezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Smith sadasewere nyengo yonse ya 2016. Mu 2017 adabwerera atavala chothandizira phazi, ndipo ankaoneka wochedwa pokhota. Mu 2018 adasewera ngati munthu uja wa ku Notre Dame, ndipo nyengo ya 2019 itatha adaitanidwa ku Pro Bowl. Kufika apa, chisankho cha Cowboys chinali chitabala zipatso: zaka ziwiri zabwino kuchokera kwa wosewera wa ndime yachiwiri ndi phindu lomwe timu iliyonse ingalandire ndi manja awiri.

Kulakwitsa kudadza pa mgwirizano wachiwiri. Mu Ogasiti 2019 Cowboys idamuonjezera zaka zisanu pamtengo wa madola pafupifupi 64 miliyoni. Liwiro lake lidayamba kutsika mu 2020, timu idasankha Micah Parsons mu 2021, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Smith adachotsedwa ali ndi zaka 26 zokha. Green Bay Packers idamutenga n'kumusiya pasanathe miyezi iwiri. Sitinganene motsimikiza kuti bondo lija ndilo lidamufooketsa, popeza ma linebacker ambiri amatsika msanga ngakhale asadavulalepo chotere. Koma zikuoneka kuti mu 2019 atsogoleri a timu adalipira nkhani yokoma ya kuchira kwake, n'kuiwala funso lomwe adalifunsa bwino mu 2016, la zaka zomwe mwendowo ungapirire.

Draft yomweyo ya 2016 inali ndi linebacker wina wa bondo lokayikitsa, ndipo vuto lake linali losiyana. Myles Jack wa ku UCLA adang'amba chicherewecherewe chapakati pa mafupa a bondo, chotchedwa meniscus, pokonzekera masewero mu Sepitembala 2015. Iye ankatha kusewera nthawi yomweyo. Mantha a matimu anali a m'tsogolo, kuti bondolo lidzaperepeseka msanga, ndipo Jack mwini adawakuza pomwe adavomera poyera, kutatsala masiku ochepa, kuti mwina tsiku lina adzafunika opaleshoni ina yaikulu. Kuona mtima kumeneko kudamudyera ndime yoyamba. Jacksonville Jaguars idamutenga pa nambala 36, ndipo adasewera kuyambira nyengo yoyamba, n'kuthandiza timuyo kufika pamasewero olimbirana malo a mu Super Bowl mu Januwale 2018. Nayenso adasainira mgwirizano waukulu mu 2019, nayenso adachotsedwa ali ndi zaka 26, mu Malichi 2022.

Anyamata awiriwa akuonetsa kuti mawu oti “wovulala” amaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Pali kuvulala komwe kumadya chaka choyamba koma kukachira kwachira. Pali komwe kumalola munthu kusewera lero uku kukumudya pang'onopang'ono. Timu yomwe ikufuna thandizo msanga imaopa koyambako, ndipo mkulu wa timu yemwe mpando wake ukugwedezeka sangadikire mtsempha wophuka milimita imodzi patsiku, chifukwa zipatso zake adzadya womulowa m'malo. Timu yomwe ikuwerengera zaka zinayi za mgwirizano woyamba siyenera kuopa kwambiri kwachiwiriko, bola isadzaledzere pofika nthawi ya mgwirizano wachiwiri.

Eagles ili ndi chitsanzo chakechake chomwe chimasokoneza masamu onsewa. Mu 2022 Nakobe Dean wa ku Georgia, yemwe adapata mphoto ya Butkus ndi chikho cha makoleji, adagwa mpaka nambala 83 chifukwa cha malipoti okhudza mnofu wa pachifuwa, ngakhale iye ankanena kuti ali bwino. Mnofuwo sudakhale vuto. Chomwe chidamudyera gawo lalikulu la nyengo ya 2023 ndi phazi, ndipo mu 2024, atasewera bwino koposa, adadula mtsempha wa pansi pa chivundikiro cha bondo m'masewero a chipulula ndi Packers mu Januwale 2025. Super Bowl adaionera kumbali. Kodi matimu omwe adamudumpha adalondola? Adalondola kuti thupi lake lidzavuta, koma adaloza malo olakwika, ndipo n'kovuta kuwapatsa ulemu wa mlosi pa chinthu chomwe sadachione. M'masewero omwe anthu olemera makilogalamu oposa 100 amagundana ali pa liwiro, yemwe walowa ndi lipoti loyera la dokotala naye alibe chitsimikizo cha Lamulungu likudzalo.

Tikabwerera kwa Campbell, vuto lake mu 2025 linkaoneka kuti ndi la mtundu woyamba uja, ndipo linali laling'ono poyerekeza ndi la Smith. Chomwe chidakonzedwa ndi chicherewecherewe chozungulira mphako ya phewa, chotchedwa labrum, chomwe chimathandiza fupa la mkono kukhazikika. Kuchira kwake kumatenga miyezi ingapo, ndipo palibe mtsempha wa mauthenga woyembekezera kuti uphuke. Chiopsezo chenicheni n'choti phewa lomwe lidagwedezekapo lingathe kugwedezekanso, ndipo linebacker amaligwiritsa ntchito pa kugunda kulikonse. Kutaya masiku okonzekera a m'chilimwe cha kumeneko nakonso sikunali kwachabe kwa mnyamata yemwe ankayenera kuphunzira dongosolo lovuta la mphunzitsi wa otchinga Vic Fangio.

Komabe Eagles inali pamalo abwino odikirira. Mu Malichi 2025 idasainitsa Zack Baun mgwirizano wa zaka zitatu wa madola 51 miliyoni, kotero pakati pa otchinga panali kale munthu wodalirika. Ndipo pomutenga Campbell m'ndime yoyamba, ngakhale kumapeto kwenikweni, timuyi yapeza chinthu chomwe Cowboys ndi Jaguars zinalibe: ufulu woonjezera chaka chachisanu pa mgwirizano woyamba, womwe umaperekedwa pa osankhidwa m'ndime yoyamba okha. Smith atasewera bwino mu 2018, Cowboys idathamangira kulipira. Eagles ikhala ndi chaka china choonera phewalo isanatulutse ndalama zazikulu.

Mkulu woona za osewera ku Eagles, Howie Roseman, sadziwika ndi kuononga ndime yoyamba pa malo amenewa. Timuyi inali isadatengepo linebacker wapakati m'ndime yoyamba kuchokera pa Jerry Robinson mu 1979. Kuti aswe mwambo wa zaka 46 pa mnyamata yemwe anali atangochoka kumene pa opaleshoni, ndiye kuti madokotala ake adamuuza zomwe zidamukhazika mtima pansi, kapena adaona kuti Campbell, yemwe amathanso kuthamangitsa woponya mpira kuchokera m'mbali, ndi osewera awiri pamtengo wa mmodzi. Ndikuona kuti pa nambala 31 chisankhochi n'chomveka. Chikadakhala pa nambala 10, sindikadanena chimodzimodzi.

Campbell adakulira ku New Jersey, kufupi ndi Philadelphia, ndipo adapita kutimu yomwe pa nthawiyo inali ndi chikho m'manja. Koma malo aliwonse omwe adatsika usiku uja adachotsa kanthu pa malipiro ake a zaka zinayi, ndipo mwayi woyamba wobweza ndalamazo udzabwera pomwe malamulo a ligi adzamulole kukambirana mgwirizano watsopano, nyengo yake yachitatu ikadzatha kumayambiriro kwa 2028.