LAMULO LA CAMBA SILINAGWETSE MPANDA

M'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa, kucokera ku Petauke kufikira ku Lundazi, muli kumveka mau akuti Boma linaloleza camba, ndipo kuti munthu aliyense angathe kucibzala pakati pa cimanga cake popanda womufunsa. Mau amenewa ndi bodza, ndipo amene ali kuwafalitsa adziwa bwino cimene afuna.

Coona cake ndi ici. Mu Disembala 2019 nduna za Boma zinabvomereza kuti camba cilimidwe kaamba ka mankhwala ndi malonda a kunja. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atatu: la camba ca mankhwala, la camba ca luzi cochedwa hemp, ndi la mankhwala ozunguza bongo. Camba ca luzi ndi cija copangira zingwe, nsalu ndi mafuta, ndipo mphamvu yake yoledzeretsa siyenera kupitirira 0.3 peresenti. Wolima mtundu uliwonse ayenera kukhala ndi laisensi. Palibe lamulo ngakhale limodzi mwa atatuwa limene lilola kusuta. Wopezeka ndi camba m'dimba kapena m'thumba popanda cilolezo ali ndi mlandu lero monga kale.

Alipo ena, makamaka akuluakulu a mipingo ndi makolo, amene anena kuti kunali bwino kutseka citseko kotheratu. Nkhawa yao ndi yomveka, koma mbiri iwatsutsa. Bungwe la Drug Enforcement Commission linakhazikitsidwa m'caka ca 1989, m'nthawi ya Dr Kenneth Kaunda, ndipo lamulo lolimba linatsatira m'caka ca 1993. Camba sicinathe. Cinangothawira kumapiri ndi kumadimba obisika. Wogwidwa kawirikawiri anali mlimi wosauka, pamene wogula wa mumzinda anali kugona tulo tace. Dziko silinalandirepo msonkho, ndipo odwala sanapezepo mankhwala. Ngakhale bungwe la United Nations mu Disembala 2020 linacotsa camba pa mndandanda wa mankhwala oopsa koposa, pozindikira kuti cili ndi nchito kucipatala.

Koma oopsa enieni ndi a mbali inayo, amene apfuula kuti mpanda wonse ugwetsedwe. Iwo aloza ku Canada kumene analoleza kusuta m'caka ca 2018, ndi ku South Africa kumene khoti lalikulu caka comweco linalola munthu wamkulu kusutira m'nyumba mwake. Cimene sanena n'cakuti ku Canada sitolo yogulitsa camba iyenera kukhala ndi laisensi ndipo mwana saloledwa kugula, ndi kuti khoti la ku South Africa silinalole malonda. Sanenanso kuti Lesotho m'caka ca 2017, Zimbabwe m'caka ca 2018 ndi Malawi m'caka ca 2020 anasankha njira ya laisensi imene Zambia anatsata. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Madokotala atsimikiza kuti mnyamata woyamba kusuta kwambiri ali wamng'ono angathe kudwala misala. Kodi mwana akatengedwa kupita ku Chainama, amalonda aja adzapereka ndalama ya basi? Kodi adzabwera kudzalima munda umene iye wausiya?

Mlimi wa Kum'mawa safuna sukulu kuti amvetse nkhani imeneyi, pakuti aidziwa kale pa fodya. Wolima fodya alembetsa ku Tobacco Board of Zambia, fodya wake ayesedwa pa sikelo, mtengo ulembedwa, ndipo akaberedwa ali ndi kodandaula. Wolima camba mobisa agulitsa usiku, pa mtengo umene wogula wanena. Akanyengedwa sangapite kwa mfumu kapena ku polisi. Akagwidwa, wogula uja samudziwanso, ndipo mai atsala yekha ndi ana ndi nkhokwe yopanda kanthu.

Pamenepa mpamene pali nchito ya mamembala a Cipani. Acheyamani a nthambi ndi a mawodi, pamodzi ndi amai ndi acinyamata a Cipani, ayenera kufotokoza lamuloli pa misonkhano yao, pa zitsime ndi pa misika, kuti pasakhale wolowa m'ndende cifukwa ca umbuli. Ayenera kugwirizana ndi mafumu poulula amalonda a usiku amene apereka mbeu kwa anyamata. Ndipo ali ndi udindo winanso: kuuza aphungu ao poyera kuti malaisensi asathere m'manja mwa makampani olemera okha. Ngati camba ca luzi cili ndi phindu, alimi ang'onoang'ono alipeze kupyolera m'makopaletivu ao, masana, dzina lao litalembedwa m'buku la Boma.

Kufikira laisensiyo ili m'manja, munda ukhale wa cimanga, nshawa, thonje ndi soya. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la wogula wa usiku ndi la mphepo.