NGODYA YA KUSINKHASINKHA: Mbuzi Yobwerera Kutsidya



Mwezi watha tinasiyana pa gombe la mtsinje. Munthu anali ndi mmbulu, mbuzi ndi mtolo wa kabichi, koma bwato lake linkatha kunyamula iye mwini ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya mmbulu ndi mbuzi paokha, mbuzi yajiwa. Akasiya mbuzi ndi kabichi, kabichi watha. Nanga awolotsa bwanji zonse zili zamphumphu?

Yankho lake nali. Poyamba awolotse mbuzi, abwerere yekha. Kenaka awolotse mmbulu, koma pobwerera atengenso mbuzi ija. Aisiye pa gombe loyamba, awolotse kabichi, amsiye pamodzi ndi mmbulu, pakuti mmbulu sadya masamba. Abwerere yekha, nakatenge mbuzi. Maulendo onse pamadzi akwana 7.

Funsoli ndi lakalekale. Limapezeka m'buku la Chilatini la mafunso oposa 50, lolembedwa kuti linole nzeru za achinyamata. Akatswiri ambiri amati analilemba ndi Alcuin wa ku York, dikoni ndi mphunzitsi amene ankaphunzitsa ku nyumba ya mfumu Charlemagne, namwalira mu 804. M'maiko ena a mu Africa muno funso lomweli limanenedwanso, koma m'malo mwa mmbulu mumakhala kambuku.

Tsono taonani pamene ambiri amakakamira. Savutika ndi kuwerengera, pakuti mulibe chiwerengero chovuta m'menemo. Chowavuta n'chakuti safuna kubweza mbuzi imene aiwolotsa kale. Amaona ngati kuibweza ndiko kutaya thukuta lawo pachabe. Komatu popanda ulendo wobwerera umenewo, palibe njira ina iliyonse yowolotsera zonse zitatu.

Ichi n'chifukwa chake ndikupempha inu makolo kuti musafulumire kuuza ana yankho. Mwana amene walakwitsa katatu, nafafaniza pa dothi, nayambanso, waphunzira chinthu chimene adzachifuna m'kalasi, m'munda ndi pa malonda: kuvomera kuti njira yoyamba yakanika, osachita manyazi. Kale agogo athu ankatinola motero ndi zilapi madzulo pamoto. Tisalole kuti mwambowo uzilale m'manja mwathu. Tengani mwala, chitsononkho ndi tsamba, mujambule mtsinje pabwalo, ana awolotse okha.

Funso la mwezi uno likuchokera m'buku lomwelo. Pali makwerero a masitepe 100. Pa sitepe yoyamba pali nkhunda imodzi, pa yachiwiri ziwiri, pa yachitatu zitatu, chimodzimodzi mpaka pa yomaliza pamene pali nkhunda 100. Nkhunda zonse zilipo zingati? Musathamangire kuphatikiza imodziimodzi. Yambani mwaphatikiza za pa sitepe yoyamba ndi za pa sitepe ya 99, kenaka za pa yachiwiri ndi za pa ya 98, muone chimene chikubwerezabwereza. Koma chenjerani, pali masitepe awiri amene atsale opanda mnzawo.

Yankho tidzalipeza mwezi wamawa. Tsalani bwino.