Kukonza msonkhano wa boma: moyo wa nthumwi, ndalama za msonkho ndi mwayi wa aliyense

LILONGWE – Pa 17 ndi 18 Ogasiti 2021, dziko la Malawi lidachititsa msonkhano wa nambala 41 wa atsogoleri a maiko a m'bungwe la SADC ku nyumba ya misonkhano ya BICC mumzinda wa Lilongwe. Msonkhanowu udachitika mliri wa Covid-19 uli mkati, choncho chiwerengero cha nthumwi zolowa m'chipinda chidachepetsedwa ndipo ena adatsatira zokambirana kudzera pa intaneti. Zomwe zidachitika pa nthawiyo zili ndi phunziro kwa wina aliyense wogwira ntchito m'boma amene amapatsidwa udindo wokonza msonkhano, waukulu kapena waung'ono.

Phunziro loyamba ndi lakuti chitetezo cha nthumwi chimaposa kuika apolisi pachipata. Mliri wa kolera umene udayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chosasamalika, zinthu zomwe zimapezeka pa msonkhano uliwonse. N'chifukwa chake okonza msonkhano ayenera kuyendera malowo tsiku lisanafike, kuona komwe madzi akuchokera, zimbudzi, kukhitchini ndi makomo othawira moto, komanso kudziwitsa chipatala chapafupi. Nyengo nayo iyenera kuganiziridwa: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu ndi milatho m'chigawo chakum'mwera, zomwe zikusonyeza kuti msonkhano wa m'dzinja umafunika njira ina yochitira ngati nthumwi zalephera kuyenda.

Mfundo yachiwiri ndi ya ndalama ndi chilengedwe. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepa mphamvu ndi 44 peresenti, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adaimitsa maulendo akunja a ogwira ntchito m'boma. Ganizoli lidakumbutsa alembi aakulu a maunduna kuti mafuta, malo ogona ndi maalawansi zimachokera m'thumba la wokhoma msonkho. Pamene nthumwi zambiri zikugwira ntchito ku Capital Hill, kusamutsira msonkhano kunyanja kumachulukitsa galimoto pamsewu ndi usiku wolipira, pomwe mfundo zokambirana ndi zomwezo. Funso loyenera kufunsidwa ndalama zisanavomerezedwe ndi lakuti: kodi msonkhanowu utulutsa chiyani chomwe sichingatheke mu ofesi kapena pa intaneti?

Pa za chilengedwe, malamulo a 2015 adaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. N'zosapatsa ulemu kuti msonkhano wa boma lomwe lidakhazikitsa lamuloli uzisiya mulu wa majumbo ndi mabotolo. Madzi a m'zigubu zikuluzikulu, zikalata zotumizidwa pa kompyuta ndi chakudya chogula kwa alimi a m'deralo zimachepetsa zinyalala pamodzi ndi ndalama.

Mfundo yachitatu, yomwe imaiwalika kawirikawiri, ndi mwayi wa anthu aulumali. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Lamulo la 2024 loona za anthu aulumali, lomwe lidalowa m'malo mwa la 2012, limateteza ufulu wawo wofika m'malo a anthu onse ndi wolandira uthenga. Chipinda chofikika pa masitepe okha chimatsekera kunja munthu wa panjinga ya olumala. Zokambirana zopanda womasulira chiyankhulo chamanja zimasiya nthumwi yosamva ili chete, ndipo zikalata zopanda zilembo za Braille kapena zilembo zikuluzikulu zimamana wosaona mwayi wopereka maganizo.

Zonsezi zimatheka ngati kalata yoitanira anthu ifunsa zosowa za nthumwi iliyonse, ndipo ndalama zake ziikidwa mu bajeti kuyambira pachiyambi. Mabungwe monga FEDOMA ndi MANAD angathe kupereka uphungu ntchito yokonzekera isanafike patali.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Unduna kapena khonsolo yomwe yavomera kuchititsa msonkhano yavomeranso kuyankha mafunso atatu pomaliza pake: ngati nthumwi zabwerera kwawo zili bwino, ngati ndalama zagwira ntchito yake, komanso ngati aliyense woitanidwa adatha kulowa, kumva ndi kuyankhulapo.